PA LIGOWE PAKHALE MALO A NYUMBA ZA MITUNDU YONSE

(Awa ndi mau amene mmodzi wa akuru a komiti analankhula pa msonkhano wa nthambi yathu ya Ligowe, m'boma la Neno. Tawalemba monga anawalankhulira, kuti amene sanafike pa bwalo awawerenge ndi kuwerengera anzao.)

 Ndiyambe ndi kuthokoza cifukwa mwasiya makasu anu ndi malonda anu kudzakhala pansi pa mtengo uno. Ena mwacokera kutali, mwatsika mapiri ndi kuoloka mitsinje, ndipo sindifuna kuti mubwerere kwanu ndi mau opanda pace.

Nkhani imene ndapatsidwa ndi ya nyumba. Pa msonkhano wapita uja anaimirira abale athu ena nanena kuti popeza Ligowe akukula, nthambi yathu ipemphe mafumu aike lamulo lakuti m'mbali mwa mseu ndi pafupi ndi msika pazimangidwa nyumba za njerwa zoocha ndi malata zokha-zokha. Anati nyumba za udzu zisunthire kuseri, ndipo midadada ya lendi iletsedwe cifukwa imabweretsa anthu osadziwika. Ambiri munaomba m'manja. Inenso ndinatsala pang'ono kuomba, pakuti ndani sakonda kuona malata akung'anima dzuwa likamaturuka? Koma nditafika kunyumba ndinagona nalo ganizo limeneli, ndipo lero ndabwera kudzakupemphani kuti tisacite zimenezo.

Mundimve bwino, abale anga. Ine sindine mdani wa malata, ndipo sindinabwere kudzatamanda denga lodontha. Ndinakulira m'nyumba ya udzu, ndikudziwa kudzuka pakati pa usiku kusuntha mphasa ndi kuchera mbale pamene pakudontha. Munthu ali yense ayenera kugona pouma. Koma kufuna kuti onse agone pouma ndi nkhani yina, kulamula kuti onse amange nyumba zofanana ndi nkhani yinanso. Coyambaco cimakweza mudzi wonse. Caciwirico cimakweza ocepa ndi kupirikitsa otsalawo. Mau anga lero ndi awa: mudzi umene uli ndi nyumba za mitundu-mitundu, zazikuru ndi zazing'ono, za eni ndi za lendi, zoyandikana pa malo amodzi, ndiwo umene umasunga anthu ace.

MMENE MAKOLO ATHU ANKAMANGIRA

Tiyambe ndi kwathu konkuno. Akuru amene muli pano mukukumbukira mmene mudzi wa mbumba unkakhalira. Panali nyumba za amai a mbumbayo ndi amuna ao. Panali kuka, nyumba ya agogo akazi, kumene asungwana ankamva miyambo ndi kumene nchembere zinkakambira zao. Panali mphala kapena gowelo, kumene anyamata ankagona akafika msinkhu wosayenera kugonanso m'nyumba ya amai ao. Mkamwini akalowa m'mudzi wa apongozi ankayamba ndi kanyumba ka cipinda cimodzi, nadzamanga yokulirapo ana atabadwa. Kumunda kunali cilindo, ndipo mlendo wodzakhala nthawi yocepa ankamumangira msasa. Nyumba zimenezi sizinali zolingana, koma ali yense anali ndi khomo lace.

Taganizani, munthu mmodzi yemweyo, kuyambira kubadwa kufikira kumanda, ankalowa makomo anai kapena asanu, onsewo m'mudzi umodzi. Makolo athu sanapite ku sukulu ya mapulani, koma anadziwa kuti cosowa ca mnyamata wa zaka 17 sicifanana ndi ca bambo wa ana 6, ndipo ca bamboyo sicifanana ndi ca nkhalamba yoyendera ndodo. Ngakhale makasu m'nyumba zathu sali olingana. Pali khasu la bambo, pali kakhasu ka mwana, ndipo onse amalima munda umodzi. Nanga bwanji ife lero tifune kuti makomo onse a pa Ligowe akhale a msinkhu umodzi?

AMENE ANATIPHUNZITSA KUSANKHANA

Nzeru yogawa anthu monga mwa nyumba zao siinamere pano ai. M'zaka za m'ma 1890 boma la Atsamunda, pansi pa Harry Johnston, linaika msonkho wa nyumba, masheleni 3 pa caka. Kuyambira pamenepo khomo liri lonse linasanduka ngongole. Pomanga mizinda yao anadula malo ndi cingwe. Ku Blantyre, Sunnyside ndi Mount Pleasant kunali kwa Azungu, nyumba zazikuru m'mabwalo akuru. Amene ankawaphikira, kuwacapira ndi kuwalondera ankagona m'tinyumba ta kuseri popanda mabanja ao, kapena ankayenda pansi m'mawa ndi madzulo kucokera ku Ndirande ndi midzi yozungulira. Ku South Africa nzeru yomweyo inalembedwa m'lamulo lochedwa Group Areas Act m'caka ca 1950, ndipo kufikira lero anthu a ku Soweto amataya nthawi ndi ndarama zambiri pa ulendo wopita ku nchito.

Agogo athu amene anapita ku migodi ya ku Johannesburg pa Wenela anaona malo a nyumba za mtundu umodzi ndi maso ao. M'komboni munali makama a amuna okha-okha, mzere ndi mzere. Munalibe khomo la mkazi, munalibe la mwana, munalibe la nkhalamba. Munthu akadwala kapena akakalamba ankabwezedwa kwao, cifukwa malowo anamangidwira munthu wa mtundu umodzi, pa msinkhu umodzi wa moyo wace. Kodi alipo pano amene anamva agogo ace akuchula komboni kuti mudzi?

Titalandira ufulu m'caka ca 1964, tsankho la khungu linacoka, koma cingwe cija cinatsala. Pamene likulu la dziko linasamukira ku Lilongwe m'caka ca 1975, mzindawo unagawidwa m'madera: Area 10 ndi Area 43 kwa a ndarama zambiri, Area 18 kwa a nchito za boma a pakati, Kawale ndi Area 25 kwa anthu wamba. Koma taonani cimene cinacitika. Osauka amene sanapeze malo m'mapulaniwo sanabwerere kumudzi ai. Anamanga Mtandire pafupi ndi Area 47, anamanga Kauma pafupi ndi nyumba za olemera, popeza nchito zao zinali komweko. Anamanga popanda miseu yabwino, popanda ngalande, mothithikana. Madzi ukawachinga kuno amaboola kwina.

Mtengo wa zimenezi tinauona m'mwezi wa Marichi 2023, pamene Namondwe wa Freddy anagwa pa cigawo cathu ca kumwera. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ndipo oposa 500,000 anasiya nyumba zao. Ku Chilobwe, m'Blantyre, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche ndi kukwirira mabanja athunthu. Ambiri mwa iwo sanakwere phiri lija cifukwa cokonda mphepo ya pamwamba. Anakwera cifukwa pansi panalibe malo amene thumba lao likanatha kufikira. Tsono ife tikanena kuti nyumba za udzu zipite kuseri, tifunsane bwino: kuseri kwa Ligowe kuli ciani? Kuli zitunda, kuli zigwembe, kuli m'mphepete mwa mitsinje. Tikufuna kutumiza ndani kumeneko?

TIWERENGE MAKOMO ATHU

Neno anakhala boma paokha m'caka ca 2003, atapatuka ku Mwanza. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 138,291 m'boma lathu lino. Kalembera yemweyo anawerenganso nyumba za m'dziko lonse, napeza kuti mwa nyumba 100 ziri zonse, pafupi-fupi 41 zinali zokhazikika, ndiye kuti za njerwa zoocha kapena simenti ndi denga la malata; 23 zinali za pakati, monga ya njerwa zoocha yofolera udzu kapena ya zidina yokhoma malata; ndipo 36 zinali za dothi ndi udzu. Cotero lamulo limene abale athu akupempha likanatsekera kunja nyumba 6 mwa 10 ziri zonse za m'Malawi. Ndipo inu mukudziwa kuti ciwerengero cimeneco cikuphatikiza mizinda. Kuno kumudzi za udzu ndi zocuruka koposa apo. Yang'anani amene wakhala kumanja kwanu ndi kumanzere kwanu. Lamulo limeneli likunena za iwo.

ANTHU ASANU AMENE LIGOWE AKUWAFUNA

Woyamba ndi mphunzitsi, pamodzi ndi namwino ndi mlangizi. Timadandaula masiku onse kuti a nchito za boma amakana kubwera ku Neno, ndipo akabwera sacedwa kupempha kusamuka. Mseu ndi cifukwa cimodzi, koma cina ndi pogona. Nyumba za pa sukulu ndi pa cipatala sizikwanira, izi tonse tikudziwa. Mphunzitsi wongoyamba nchito sangagule malo ndi kumanga, pakuti sadziwa ngati adzakhala kuno zaka 2 kapena 20. Iye afuna nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri, yaukhondo, yotseka bwino, pafupi ndi nchito yace. Akaisowa amakakhala kutali, mvula ikagwa amafika mocedwa, mtsinje ukadzaza safika konse. Tikaletsa nyumba za lendi, tadzichingira tokha aphunzitsi a ana athu.

Waciwiri ndi mnyamata amene wangokwatira kumene. Ali ndi mphamvu, ali ndi khasu, mwina ali ndi njinga ya kabaza, koma alibe ndarama za malata 30 ndi matumba a simenti. Iye amakwera pang'ono-pang'ono. Caka cino amanga ya zidina nafolera udzu. Akagulitsa nandolo kapena mbatata ya kacewere agula malata 10 nawasunga pansi pa kama. Caka cacitatu akhoma denga, cacisanu azira simenti. Ambiri amene muli ndi nyumba za malata pano munakwera makwerero omwewa. Kodi ndi cilungamo kuti munthu akafika pamwamba agwetse makwerero? Mnyamata tikamukaniza poyambira adzapita ku Blantyre kapena ku Johannesburg, ndipo tidzayamba kulira kuti m'mudzi mwatsala nkhalamba zokha.

Wacitatu ndi agogo, kapena mai wamasiye. Iye safuna zipinda 5 zoti azisesa. Afuna kanyumba kouma, kofunda mwezi wa Juni, kozizira mwezi wa Okotobala, pafupi ndi mjigo, cigayo, chalichi ndi cipatala, pamene mdzukulu angamve akatsokomola usiku. Denga la udzu lofolera bwino limacita zimenezi, pamene malata opanda siling'i amaocha masana ndi kuzizira mbandakuca. Anzathu a Abwenzi Pa Za Umoyo, amene anayamba nchito m'boma lino m'caka ca 2007, anaona kuti mankhwala okha saciritsa munthu wogona pa cinyontho, ndipo anayamba kumangira nyumba odwala ena osauka. Ngati a cipatala anazindikira kuti nyumba ndi mankhwala, ife tisasunthe odwala athu ndi nkhalamba zathu kuwaika kutali ndi cipatala.

Wacinai ndi mlendo wa malonda kapena wa nchito. Nyengo ya manacesi, ya nandolo ndi ya cimanga kumabwera ogula. Pakakhala nchito ya mseu, ya mlatho kapena ya magetsi kumabwera amisiri. Onsewa afuna cipinda ca mwezi umodzi kapena itatu. Akacipeza pa Ligowe, ndarama zao za ndiwo, za ufa, za sopo ndi za lendi zimatsala pa Ligowe. Akacisowa amakagona ku Mwanza kapena ku Neno boma, ndipo ndaramazo zimagona komweko. Akuru anati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Koma mlendo wopanda pogona sakhalitsa kuti kalumoko tikaone.

Wacisanu ndi mbale wathu amene zamuyendera, kaya pa ulimi, kaya pa sitolo, kaya kunja kumene anapita. Ameneyu afuna kumanga nyumba yaikuru ya magalasi, ndipo ine ndikuti amange, timulandire ndi manja awiri. Pali ena a ife amene amacita nsanje akaona nyumba yotere. Cimeneconso ndi colakwa, cifukwa mudzi umene umathamangitsa olemera ace umasauka cimodzi-modzi ndi umene umathamangitsa osauka ace. Pa nyumba yaikuru pamakhala ganyu, pamakhala galimoto yonyamula wodwala usiku, pamakhala magetsi a dzuwa ochajira foni. Koma mwini waceyo akumbuke kuti wogula mcere m'sitolo yace, womutungira madzi pomanga, ndi wokumba manda tsiku la maliro a pakhomo pace, amaturuka m'nyumba zazing'ono zija.

Onaninso za nchito. Nyumba zikakhala za mitundu-mitundu, amisiri a mitundu-mitundu amadya. Amai omweta udzu amagulitsa mitolo yao. Wodziwa kufolera, woumba zidina, womanga mdindo, wodula nsungwi, wopala zitseko, wokhoma malata ndi woocherera mafelemu, onsewa amapeza kangacepe. Ndarama ya udzu ndi zidina imazungulira m'mudzi momwe muno. Ndarama ya malata ndi simenti yambiri imakwera lole kupita ku tauni. Zonse ziwiri ndi zofunika, koma tisaphe yoyambayo ndi dzanja lathu lomwe.

TSIKU LA TSOKA

Mvula zoononga zatipeza katatu m'zaka zocepa: ya Idai mu 2019, ya Ana mu 2022, ndi ya Freddy mu 2023. Ndikuuzeni cimene ndinaona ndi maso anga pa yomarizayi. Mvula itagwa masiku osalekeza, khoma la nyumba ya mlongo wanga linafewa kunsi ndipo linagwa pakati pa usiku. Iye anaturuka ndi ana ace anai, wamng'ono ali kumsana. Nyumba yoyandikana nayo inali ya njerwa ndi malata, ya bambo wina amene sitinali naye pa ubale uli wonse. Anatsegula citseko, ndipo pofika m'mawa m'nyumba mwace munali mabanja atatu. Anagona mmenemo sabata yathunthu. Tsono ndifunse: mlongo wangayo akanakhala kuseri kumene tikufuna kutumiza anthu, kutsidya kwa khwawa lodzaza madzi, mu mdima uja, akanagogoda pa khomo la yani? Anansi ace onse akanakhala a nyumba zofanana ndi yace, zonse zikugwa usiku umodzi.

Ndipo cifundo sicimayenda njira imodzi yokha. Ndani pano sanaonepo mphepo ya mkuntho itasasula malata a nyumba yaikuru, mwini wace nakagona m'gowelo la udzu la ana a mnansi wace? Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe. Komanso tisanamizane kuti njerwa yoocha payokha ndiyo mphamvu. Zibvomezi zimene zinagwedeza Karonga mu Disembala 2009 zinaononga nyumba zikwi-zikwi, ndipo zambiri mwa izo zinali za njerwa zoocha zomangidwa ndi dothi, pa maziko osazama. Mphamvu ya nyumba iri pa maziko okwera, pa khonde lochinga khoma ku mvula, pa ngalande yopatutsa madzi, ndi pa denga lomangiriridwa bwino ku khoma. Nyumba ya zidina imene iri ndi zinai zimenezi imaposa ya njerwa imene iribe.

Ife a ku Neno tikudziwanso za kulandira othawa. Pa nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992, anthu oposa 1,000,000 anathawira m'dziko lino. Ena anakhala m'misasa monga wa Luwani m'boma lathu lomwe lino, umene unatsegulidwanso mu 2016 kulandira anthu ocokera ku Tete. Koma ambiri analandiridwa m'midzi, wina m'gowelo, wina m'khichini, wina pa kamalo ka kuseri kwa nkhokwe pamene anamangapo kanyumba kace. Midzi yathu inatha kutero cifukwa inali ndi makomo ang'ono-ang'ono ndi mtima wolola ena kumangidwa.

MITENGO YATHU

Pali cinanso cimene abale athu sanaciwerengere. Uvuni uli wonse wa njerwa umadya nkhuni, ndipo sufuna tinthambi ai, ufuna zipika za mitengo yaikuru. Mapiri athu ameteka kale ndi makala amene amatsikira ku Zalewa kupita ku Blantyre. Tikalamula kuti banja liri lonse lioche njerwa, mitengo yotsalayi idzatha m'zaka zocepa, ndipo phiri lopanda mitengo ndilo limatumiza madzi ndi matope pa nyumba zomwezo. Boma lomwe linaona bvutoli, ndipo mu 2018 linaika malamulo oletsa njerwa zoocha pa zomanga-manga za boma ndi za makampani. Cotero kutsogolo kwa dziko sikuli pa njerwa yoocha yokha. Wina amange ndi mabuloko a simenti, wina ndi njerwa za dothi zosakaniza simenti pang'ono, wina ndi mdindo, wina ndi zidina pa maziko a miyala, ali yense monga mwa thumba lace.

KUYANKHA ZODANDAULA

Sindifuna kunyoza amene anabweretsa ganizoli. Nkhawa zao ndi zoona, ndipo ziyenera kuyankhidwa.

Ati udzu umagwira moto. Inde umagwira. Mankhwala ace ndi kusiya mpata wokwanira pakati pa madenga, kumanga khichini padera, ndi kulambula kuzungulira nyumba nyengo ya cilimwe. Ati nyumba zazing'ono zimabweretsa ube ndi matenda. Abale anga, kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko lino, ndipo siinafunse munthu kuti denga lako ndi la ciani. Inafunsa za cimbudzi ndi za madzi akumwa. Ndikudziwa nyumba za udzu zozira bwino, zokhala ndi cimbudzi, bafa, thandala ndi dzenje la zinyalala. Ndikudziwanso za malata zimene eni ace amapita kuchire.

Ati a lendi ndi akuba. Wakuba sadziwika ndi nyumba imene amagonamo. Mwambo wathu ulipo kale: mlendo akafika, mwini nyumba apite naye kwa amfumu akamudziwe dzina ndi kwao. Ndiponso ndikuuzeni, mzere wa nyumba zazikuru za mipanda, zimene eni ace amacoka m'mawa ndi kubwera usiku, ndiwo umene mbala zimaukonda. Agogo wokhala pa khonde tsiku lonse akusenda nandolo amaona ali yense wodutsa, ndipo salandira malipiro a ulonda.

Ati malo a pa mseu adzatsika mtengo ndipo alendo adzatiseka. Sitolo imalemera ndi mapazi a anthu odutsa pakhomo pace. Mukacotsa mabanja 50 pafupi ndi msika, mwacotsa ogula 50 a tsiku ndi tsiku. Kunena za kusekedwa, mlendo wanzeru saseka mudzi wosesa bwino umene uli ndi nyumba zosiyana. Amaseka mudzi umene wapaka laimu kumaso ndi kubisa amai ace ku cigwembe.

ZIMENE NDIKUPEMPHA

Lamulo la malo a makolo la 2016 linakhazikitsa makomiti a malo m'midzi. Wapampando wace ndi gulupu, ndipo pali anthu ena 6 osankhidwa ndi mudzi, mwa iwo osacepera atatu akhale amai. Cotero nkhani ya malo si ya amfumu okha, ndi yathu tonse, ndipo amai muli ndi mau pamenepo. Ndikupempha nthambi yathu igwirizane pa mfundo izi:

1. Tisapereke kwa mafumu pempho loletsa nyumba za udzu kapena za lendi.

2. Tipemphe mafumu ndi makomiti a malo kuti pogawa malo pafupi ndi msika, sukulu ndi cipatala, mzere uli wonse ukhale ndi malo akuru ndi ang'ono, ndipo ena asungidwire ana a m'mudzi muno amene sanafike pogula. Malo akagulitsidwa onse kwa a ndarama sabwereranso.

3. Ali yense amene ali ndi mpata pakhomo pace aloledwe kumanga kanyumba ka agogo, gowelo, kapena zipinda za lendi, malinga zimbudzi zikhale zokwanira, ndipo pangano la lendi lilembedwe pa pepala pamaso pa mboni. Mai wamasiye amene ali ndi zipinda ziwiri za lendi sapempha fizi ya ana ace kwa munthu.

4. Pakhale lamulo limodzi la nyumba zonse, ya udzu ndi ya malata yomwe: maziko okwera, khonde, ngalande, cimbudzi, mpata wa njira, ndipo pasakhale womanga m'mphepete mwa mtsinje kapena pa phiri lotsetsereka, kaya ndi wolemera kaya ndi wosauka.

5. Caka ciri conse mvula isanagwe, tiwerenge nyumba za nkhalamba, za olumala ndi za ana amasiye, ndipo ticite dima kuzifolera ndi kuzimata pamalo pomwe ziriri. Pa cifukwa cimeneci chire lisaochedwe udzu usanamwetedwe.

6. Makomiti a sukulu alembe maina a eni malo amene angamange nyumba zoyenera aphunzitsi, kuti mphunzitsi watsopano akatsika galimoto apeze kiyi akumudikira.

Bambo Wapampando, ndatenga nthawi yanu yambiri. Nditsirize ndi cimene tonse tinaciona tiri ana. Denga la nyumba yozungulira likamangidwa pansi, sankalikweza amuna amphamvu okha. Ankaitana mudzi wonse, wamtali agwire apa, wamfupi agwire apo, mnyamata alowe pakati ndi mzati, amai aphike thobwa. Ndico cifukwa cace anati mutu umodzi susenza denga. Ligowe amene tikumufuna, wa sukulu yodzaza aphunzitsi ndi msika wodzaza ogula, ndi denga lolemera, ndipo amene adzalisenze ayenera kugona pafupi. Mukabwerera kwanu madzulo ano, imani pakhomo panu, muwerenge nyumba zimene mukuziona, ndipo mudzifunse kuti ndi iti mwa izo imene mungakonde kuti mawa isaoneke. Yankho lanu mubwere nalo pa msonkhano wa mwezi wa mawa, tidzabvote.